Mafunso ndi mayankho: Mzuzu ikudzaza, kumudzi kwatsala agogo ndi zidzukulu

Nkhani ya kuchulukana kwa anthu imabuka paliponse masiku ano, mu minibasi ya ku Luwinga, pamaliro, pa mzere wotunga madzi, ndipo nthawi zambiri imathera poti "anthu akuberekana kwambiri" basi aliyense nkumapita kwawo. Ine sindikuona kuti nkhani yonse ndi imeneyo ayi. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera tikamacheza za Mzuzu, za abale athu ali ku Joni komanso za makolo amene tinawasiya kumudzi.

Kodi tilipo angati kwenikweni m'dziko muno?

Kalembera wa mu 2018 amene anachita a National Statistical Office anapeza anthu 17.5 miliyoni. Mu 1966, titangolandira kumene ufulu, tinali 4 miliyoni basi. Mu 1987 tinali pafupifupi 8 miliyoni, mu 1998 tinafika 9.9 miliyoni, mu 2008 tinali 13 miliyoni. Pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chimakwera ndi anthu pafupifupi atatu pa 100 aliwonse chaka chilichonse, ndipo pa liwiro limenelo zaka 25 zokha zimakwana kuti anthu awirikize kawiri. Pano tadutsa kale 20 miliyoni koma dziko ndi lomwe lija, silinakule, ndipo gawo lina lalikulu ndi nyanja yoti simungalimepo chimanga. Chinanso choti muchisunge m'mutu, theka la anthu onse amene anawerengedwa mu 2018 anali ana osakwana zaka 18.

Nanga Mzuzu payokha yakula bwanji?

Apa nde pali nkhani. Mzuzu si tauni yakale ngati Blantyre kapena Zomba, inayamba cha m'ma 1947 ngati esiteti ya mitengo ya tung ya kampani ya atsamunda, ndipo inakhala city mu 1985. Mu 1977 munali anthu 16,000 okha, mu 1987 anali 44,000, mu 1998 anali pafupifupi 87,000, kufika 2018 anthu anapitirira 221,000. Pa mizinda yathu inayi, Mzuzu ndi imene inakula mwachangu kwambiri pakati pa makalembera awiri omalizawa, kuposa Lilongwe amene. Ndiye ngati dziko lonse likukula ndi atatu pa 100 koma Mzuzu ikukula ndi oposa asanu, otsalawo sanabadwire pa chipatala cha Mapale mu tauni muno ayi, anachita kubwera pa basi ndi chikwama chawo. Kutsegulidwa kwa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) mu 1999 komanso chipatala chachikulu cha Central kunakokanso anthu ambiri, ophunzira, anamwino, aphunzitsi, ndi onse amene amadyera pa anthu amenewa, a ma hositelo, a chipisi, osoka zovala.

Amene anakhala kuno m'ma 1990 amakuuzani kuti mbali zina za Mchengautuwa, Lupaso, Nkhorongo kapena Sonda zinali minda ndi tchire. Pitani lero mukaone malata.

Anthu akubwerawa akuchokera kuti, ndipo akudzatani?

Ambiri ndi a konkuno kumpoto, Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay, Karonga, Chitipa, chifukwa kwa iwo tauni yapafupi ndi ino. Koma tiliponso ife olankhula Chichewa, ena tinabwera pa transifa ya ntchito, ena pa geni, ena anabwera kudzakhala matenanti a fodya ku Rumphi ndi ku Mzimba kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe komwe malo olima ndi ochepa zedi, fodya atavuta sanabwererenso kwawo anangotsetserekera mu tauni. Pa msika wa Taifa mupezanso abale athu a ku Tanzania ndi zitenje zawo. Nchifukwa chake mu Mzuzu munthu amayamba chiganizo m'Chitumbuka nkumalizira m'Chichewa ndipo palibe amadabwa.

Akudzatani? Yang'anani anyamata a sakramento, a kabaza wa njinga aja, m'mawa kukuzizira kuja, chifunga chili tolo, ali ndi jekete imodzi yomweyo akupalasa njinga kukwera chitunda atanyamula mayi ndi dengu la tomato. Mukacheza ndi mmodzi mwa iwo mupeza kuti njingayo si yake, amapereka ndalama kwa mwini wake madzulo aliwonse, amagona ndi anzake atatu chipinda chimodzi ku Chibavi kapena ku Masasa, ndipo pa zotsalazo amatumizako kwa amayi ake kumudzi kuti agule feteleza. Munthu ameneyu sanathawe khasu chifukwa cha ulesi monga ena amanenera. Munda wa bambo ake unagawidwa kwa ana asanu ndi mmodzi, iye anapeza kachigawo koti ngakhale mvula igwe bwino sikangamudyetse mpaka Disembala.

Koma si zoona kuti amayi akubereka ana ambiri?

Akubereka ochepa kusiyana ndi kale, ndipo ziwerengero zilipo. Kafukufuku wa zaumoyo wa DHS anapeza kuti mu 1992 mayi mmodzi amabereka ana 6.7 tikatengera onse pamodzi, mu 2010 anali 5.7, pofika 2015-16 anatsika kufika 4.4. Kumbukiraninso kuti nthawi ya Kamuzu nkhani ya kulera inali yoletsedwa kwa zaka zambiri, anadzailola mu 1982 koma m'dzina loti kubereka motalikanitsa, nde tinayamba mochedwa poyerekeza ndi anzathu ena.

Nanga bwanji tikuchulukabe? Zifukwa ziwiri. Choyamba ana sakufanso ngati kale, mu 1992 pa ana 1,000 obadwa amoyo 234 amamwalira asanakwane zaka zisanu, pofika 2015-16 anali 63, ndipo ichi ndi chinthu choti tizithokoza osati kudandaula. Chachiwiri, ana ambirimbiri amene anabadwa m'ma 2000 ndi amene akukwatira ndi kukwatiwa pano, nde ngakhale aliyense atabereka awiri kapena atatu okha chiwerengero chizikwerabe kwa zaka zambiri.

Pamene pali vuto lenileni ndi pa atsikana achichepere. Kafukufuku yemwe uja anapeza kuti pa atsikana 100 a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Malamulo anasintha mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18 koma kumidzi zikuchitikabe. Ndipo chimandiwawa nchoti tikamakamba nkhaniyi timaloza amayi okha ngati mimba amadzipatsa okha, pamene abambo ambiri kusikelo sapondako, ena mpaka amaletsa akazi awo kubayitsa jakisoni wolera.

Kuchulukana kumeneku kukuoneka pati mu tauni muno?

Poyamba pa malo okhala. Mapuloti abwino anatha kapena ndi odula, nde anthu akumanga m'madambo ndi m'mphepete mwa zitunda, ndipo Mzuzu ndi yamvula inu mukudziwa. Mu Epulo 2016 mvula inagwa masiku otsatizana nyumba zambiri zinagwa mu tauni muno ndipo anthu ena anataya miyoyo. Nyumba ya zidina zosawotcha, yomangidwa pamalo potsetsereka, chimbudzi chokumba chili pafupi ndi chitsime, mvula ikachuluka zonse zimasakanikirana. Madzi a m'mipopi timadalira damu la Lunyangwa limene linamangidwa tauni ili yaing'ono. Sukulu za pulayimale zinadzaza kuyambira pomwe maphunziro anakhala aulere mu 1994 ndipo sizinapumepo, kalasi imodzi ana oposa 100 si zachilendo. Makala nawo, nyumba iliyonse yatsopano ndi mbaula yatsopano, nde matumba amene amalowa pa njinga m'bandakucha aja akuchokera m'nkhalango zomwezi zimene zimasunga madzi athu.

Koma ndinene chilungamo, anthu ochuluka ndi msikanso. Amene akugula nthochi, mbatata, usipa wa ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero wa ku Karonga ndi anthu omwewa. Tauni kukula si tsoka, tsoka ndi kukula popanda misewu, ngalande ndi ntchito.

Bwanji anyamata ambiri makamaka a ku Mzimba amathamangira ku Joni?

Njira imeneyi si ya lero, agogo awo anaiyenda. Nthawi ya atsamunda amuna amapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku migodi ya kopa ku Zambia, chifukwa kunali msonkho woti ulipire ndi ndalama koma kumpoto kuno kunalibe ntchito zolipira. Ena sanabwerere, ndi aja timawatcha machona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana nkupha Amalawi oposa 70 amene amabwerera kwawo, Kamuzu anakwiya nkuletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Zinadzayambiranso mu 1977 kudzera ku TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, koma anthu ochepa, kenaka zinatheratu cha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza HIV.

Pamene apartheid inatha mu 1994 njira inatsegukanso koma mwa mtundu wina, palibenso kontilakiti, munthu amangokwera basi kapena kudzera kwa matransipota, kukafika uko nkumagwira m'magaladeni, m'nyumba za anthu, m'mashopu, pa zomangamanga. Ndipo pano si amuna okha, atsikana ndi amayi akupitanso ambiri. Mnyamata wa Fomu 2 akaona mnzake amene anasiya sukulu wabwera pa Khrisimasi ndi foni yapamwamba, wamangira makolo nyumba ya malata, wagula ng'ombe za malowolo, pamene mphunzitsi wake akukhala nyumba yodontha, mukuganiza kuti asankha chiyani? Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 ndiye randi inangokhala ngati golide. Mwezi womwewo gulu loyamba la achinyamata oposa 200 linanyamuka kupita kukagwira ntchito m'minda ku Israel, nkhondo ili mkati, zomwe zikukuuzani mmene anthu afikira pofuna ntchito.

Ndiye ndalama za ku Joni zikuthandiza kapena zikuononga?

Zonse ziwiri, ndipo amene angakuuzeni mbali imodzi yokha akukunamizani. Fizi ya ana ambiri, feteleza, malata, mabokosi a maliro, zigayo, ma minibasi ena amene timakwera, ndi ndalama zodutsa pa Mukuru kapena zobwera ndi matransipota. Mabanja ambiri akanagona ndi njala popanda zimenezi.

Mbali inayo ndi iyi. Ambiri amakhala uko mapepala atatha, akagwidwa amakasungidwa ku Lindela, malo osungirako olowa m'dziko popanda chilolezo, nkubwezedwa chimanjamanja. Mu 2008, 2015 ndi 2019 kunali zipolowe zothamangitsa alendo, boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ena. Ena amabwera m'bokosi ndipo abale amasonkherana ndalama zambiri kuti mtembo ufike. Maukwati akutha, mkazi amatsala pamudzi wa apongozi zaka zisanu mwamuna osabwera, mwina anakwatiranso komweko. Ndipo ana? Ana amasiyidwa kwa agogo. Apa ndi pamene nkhani ya kusamuka imakumana ndi nkhani ya ukalamba, ndipo ine ndimaona kuti ndi pamene sitikuyang'anapo.

Dziko lodzaza ndi ana ngati lino, nkhani ya ukalamba ikubweramo bwanji? Si ya ku Japan imeneyo?

Ku Japan pafupifupi munthu mmodzi pa atatu kapena anayi aliwonse ali ndi zaka 65 kupita m'mwamba, kwathu kuno a zaka 60 kupita m'mwamba ndi pafupifupi asanu pa 100, nde ukangoyang'ana pamenepo ungati palibe vuto. Koma asanu pa 100 a anthu 20 miliyoni akuyandikira miliyoni yathunthu, ndipo achulukirabe chifukwa anthu akukhala moyo wautali. Cha m'ma 2000 Edzi ili pachimake mwana wobadwa amayembekezeka kukhala zaka za m'ma 40, ma ARV aulere atayamba mu 2004 zinthu zinasintha, pano tikukamba zaka zoposa 60.

Kusiyana kwake nkoti okalamba a ku Japan ali ndi penshoni, athu ali ndi khasu ndi zidzukulu. M'badwo umenewu ndi womwe unaika m'manda ana awo nthawi ya Edzi nkulera ana amasiye, pano akulelanso ana a ana amene ali ku Joni, ku Lilongwe kapena kuno ku Mzuzu. Pitani mudzi uliwonse pakati pa sabata, kaya ku Euthini kaya kwathu ku Ntcheu, mukaone amene ali pakhomo. Mupeza agogo aakazi a zaka 70 ndi kuposa, mawondo akutupa, akusenza ndowa kuchokera pa mjigo, ana anayi akudikira phala, kafoni kakang'ono kamangidwa pa nsonga ya chitenje kudikira meseji ya ndalama. Meseji ikabwera sangathe kuiwerenga maso anachita khungu, amatuma mdzukulu kapena kupereka pin kwa ejenti, ndipo zimene zimafika m'manja mwawo si nthawi zonse zimakhala zonse. Mwezi umene mwana wawo sanagwire ntchito uko, iwo ndi amene amapita kukagwira ganyu m'munda mwa wina kuti ana adye. Kale timati mwana ndi amene adzakusunge ukakalamba. Lero okalamba ndi amene akusunga mabanja athu kuti ife tithe kusakasaka m'tauni, ndipo palibe amene amawawerengera ntchito imeneyo.

Matenda awonso ndi ena, BP, shuga, sitiroko, ng'ala, nyamakazi, ofuna mankhwala mwezi ndi mwezi, pamene zipatala zazing'ono zakumidzi zinakonzedwa kwambiri poganizira malungo, sikelo ndi uchembere.

Boma limawathandiza bwanji okalamba?

Penshoni ilipo koma ndi ya amene analembedwa ntchito. Lamulo la penshoni la 2011 linakakamiza kuti bwana aziika 10 pa 100 ya malipiro ndipo wantchito 5 pa 100, koma mlimi, wogulitsa mandasi, wa kabaza, telala wa pakhonde, onsewa mulibemo, ndipo ndi amene ali ochuluka m'dziko muno. Pali Mtukula Pakhomo amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amapereka kandalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndipo mabanja ambiri otere ndi a agogo, koma amasankha pafupifupi khomo limodzi pa makomo 10 nde ambiri amatsala. Ndondomeko ya okalamba inakhazikitsidwa mu 2016 ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la anthu okalamba, a bungwe loimira okalamba la MANEPO akhala akulimbikira nkhani ya ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa okalamba. Lamulo papepala ndi chiyambi chabe, chofunika ndi bajeti, ndipo aphungu athu tiziwafunsa zimenezi akabwera kudzapempha mavoti m'malo mongowafunsa za mabokosi a maliro.

Nanga zoti agogo ndi afiti, zikugwirizana bwanji ndi zonsezi?

Zikugwirizana kwambiri. Malo akachepa, munda wa agogo umayamba kuoneka wokoma kwa achibale. Mwana akamwalira mwadzidzidzi anthu amafuna womuloza chala, ndipo wosavuta kumuloza ndi nkhalamba yokhala yokha imene ana ake ali kutali, palibe womuikira kumbuyo. Ena mutu unayamba kusokonekera ndi ukalamba, amaiwala, amayenda usiku, amalankhula okha, ameneyo ndi wodwala wofunika chipatala. Ku Neno mu Januwale 2016 agogo anayi anaphedwa mtsikana wina atamwalira ndi mphenzi, ndipo nkhani zotere zikumvekabe chaka ndi chaka. Dziwani kuti lamulo la 1911 likugwirabe ntchito, kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Mukamva mphekesera zayamba pa agogo anu musadikire, pitani kwa amfumu ndi kupolisi msanga, ndipo ngati nkotheka achotsenipo kaye pamudzipo.

Kodi ndibwino kungowatenga makolo kudzakhala nawo m'tauni?

Zimatengera, koma afunseni eni ake kaye. Ambiri safuna, ndipo zifukwa zawo ndi zomveka, kumudzi ali ndi anzawo, mpingo wawo, nkhuku zawo, manda a amuna awo, ndipo amaopa kuti akachoka munda ulandidwa. Kuno mukawabweretsa m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, inu mwapita kuntchito ana kusukulu, iwo atsekeredwa mu fensi tsiku lonse, kuzizira kwa Mzuzu mu Juni kukuwalowa m'mafupa, ndipo ngati ndi ochokera ku Dedza kapena ku Zomba ngakhale ocheza nawo Chitumbuka chimawavuta. Ena amafooka msanga chifukwa cha kusungulumwa kokha.

Ngati akudwala matenda ofuna dokotala pafupipafupi, abwere, palibe kuchitira mwina. Ngati akadali ndi mphamvu, chimene chimathandiza kwambiri ndi kuwapepuza katundu komweko. Tengani ana anu muzikhala nawo nokha ngakhale nyumba ichepe, lipirani waganyu wolima ndi wotunga madzi, konzani denga mvula isanayambe, gulani mankhwala a BP a miyezi ingapo, ndipo abale mugawane zochita momveka bwino, osati zonse kugwera mwana wamkazi mmodzi amene anatsala pafupi pamene achimwene ake amangoimba foni.

Nanga obwera kuchokera maiko ena, satilanda malo ndi mabizinesi?

Funsoli limandivuta ndikamalimva kwa anthu amene m'bale wawo ali ku Durban opanda pepala. Dziko lino linasungapo anthu pafupifupi miliyoni imodzi othawa nkhondo ya ku Mozambique kumapeto kwa ma 1980 ndi kumayambiriro kwa ma 1990, tili osauka kuposa pano. Kampu ya Dzaleka ku Dowa inatsegulidwa mu 1994 kuti isunge anthu 10,000 mpaka 12,000, pano muli oposa 50,000 ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda ndi kwina, ndipo mu 2023 boma linabweza kukampuko amene amakhala ndi kuchita geni m'matauni. Kumpoto kuno ndi njiranso ya anthu ochokera ku Ethiopia opita ku South Africa, ndipo mu Okutobala 2022 mitembo yoposa 25 inapezeka itakwiriridwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Anali ana a eni ake, opita ku Joni komweko kumene anyamata athu amapita. Malamulo olowera m'dziko atsatidwe inde, ozembetsa anthu amangidwe, koma amene akuchulukitsa anthu mu Mzuzu ndi ife tomwe.

Ine ndatsimikiza zopita ku Joni, ndikonze chiyani ndisananyamuke?

Sindikuletsani achimwene, mukudziwa nokha mmene zilili pakhomo panu. Koma pitani ndi pasipoti yanuyanu, ndipo siyani fotokope yake ndi nambala ya munthu amene mukafikire kwa m'bale wodalirika. Musapereke ndalama zonse kwa transipota musanafike. Khalani pansi ndi akazi anu, makolo anu ndi ankhoswe mugwirizane kuti ana akhala ndi ndani, ndipo ngati yankho ndi "agogo", funsani kuti agogowo ali ndi zaka zingati, akudwala chiyani, ndani azitunga madzi ndi kupita ndi mwana kuchipatala usiku. Ndalama ya agogo ikhale payokha, ya ana payokha, ya chitukuko payokha, ndipo amene azikatapa ndalamayo akhale munthu amene agogowo amusankha okha. Ngati mukugula puloti kuno mukadali uko, musagule pa chithunzi cha pa WhatsApp, tumani munthu akaone ngati si dambo komanso akafufuze ku khonsolo kapena ku ofesi ya malo ngati wogulitsayo ndi mwini wakedi, chifukwa puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu zachitikira ambiri amene amatumiza ndalama ali kutali.